Mtima Ukapendekeka

Pafupifupi chaka chiri chonse, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, anthu zikwi zambiri ochokera m'maiko osiyanasiyana amasonkhana mu mzinda wa Las Vegas, m'chipululu cha Nevada ku America, kudzapikisana pa masewera a makhadi otchedwa poker. Mpikisanowo, umene dzina lake ndi World Series of Poker, unayamba m'chaka cha 1970 ndi anthu owerengeka chabe. Koma m'chaka cha 2018 olowa m'chigawo chake chachikulu anakwana 7,874, ndipo aliyense analipira madola 10,000 kuti apeze mpando. Atagwa onse mmodzimmodzi, panatsala awiri: John Cynn ndi Tony Miles. Awiriwa anakhala moyang'anana kwa maola opitirira 10, makhadi nagawidwa ka 199, kufikira m'bandakucha. Potsiriza Miles anakankhira zake zonse pakati ali ndi makhadi ochepa mphamvu. Cynn anayamba walingalira kanthawi, kenaka navomera, napambana madola 8.8 miliyoni. Miles anapsa mtima pomwepo, nati mnzakeyo anachedwa dala kuvomera pofuna kumzunza. Pambuyo pake anapepesa.

Nkhani imeneyi yakhala ikundibwerera m'mutu chifukwa cha funso limene imautsa. Anthu amenewa amatha masiku akuwerenga nkhope za anzao, kuyang'ana kapumidwe kao ndi kunjenjemera kwa zala zao. Nanga munthu wotere amadziwa bwanji kuti iye mwini wasintha? Amazindikira bwanji kuti amene akuganiza m'mutu mwake pa ola lakhumi salinso yemwe uja anakhala pansi pa ola loyamba? Funsoli limakhudza aliyense amene anagamulapo nkhani ya m'banja ali wotopa, kapena kuyankha mnzake mtima uli m'mwamba. Koma pa tebulo la poker limaonekera bwino koposa, pakuti kumeneko kulakwa kuli konse kuli ndi mtengo wake wowerengeka, ndipo mtengowo amalipira pompopompo.

Ndisanapitirire, awerengi okondedwa, ndinene poyera kuti sindikuitanira munthu ku juga ayi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa m'chaka cha 1992, pa nambala 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwai ndi kubetcha pa zokha sizitsutsana ndi chilungamo, koma zimaipa pamene zilanda munthu zofunika pa moyo wake ndi pa moyo wa amene amadalira iye; amachenjezanso kuti chilakolako cha juga chikhoza kusanduka ukapolo woopsa. M'mabanja athu ambiri, momwe ndalama ya feteleza ndi ya sukulu iri yowerengeka kale, malire amenewo munthu amawafika atangoponda kamodzi. Chimene ndifuna pano n'kutola nzeru pamene yagwera. Akatswiri a masewerawa, pofuna kuteteza thumba lao, anakakamizidwa kuphunzira za kufooka kwa maganizo a munthu, zimene enafe timazinyalanyaza.

Masewera a zobisika

Amene mumadziwa bawo mukudziwa kuti pa bawo zonse ziri pambalambanda: njere zako ndi za mnzako ziri m'maenje poyera, ndipo wogonja sangathe kunamizira tsoka. Pa poker si momwemo. Mu mtundu wake wofala koposa, wotchedwa Texas Hold'em, aliyense amalandira makhadi 2 obisika kuchokera pa mulu wa makhadi 52. Makhadi ena 5 amayalidwa pakati kuti onse awaone ndi kuwagwiritsa ntchito: poyamba atatu, kenaka limodzi, kenakanso limodzi. Nthawi iri yonse imene mnzake waika ndalama pakati, wosewera ali ndi njira zitatu: kutaya makhadi ake n'kusiya zimene anaika kale, kuvomera poika zofanana, kapena kukweza mtengo. Wamakhadi ofooka akhoza kuopseza wamakhadi amphamvu mpaka uja awataye. Chodabwitsa n'chakuti katswiri weniweni, makhadi ochuluka amene amalandira amangowataya osasewera nawo. Ntchito yake yaikulu ndi kudikira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono pali chinthu china m'masewerawa chimene chimayesa mtima kopambana. Makhadi amphamvu koposa onse oyambira nawo ndi ma A awiri, ndipo amabwera kamodzi pa magawidwe 221. Wa ma A akakumana ndi wa ma K awiri, onsewo naika zao zonse makhadi apakati asanayalidwe, wa ma A uja amapambana pafupifupi ka 82 pa 100. Ka 18 kotsalako amagwa, osalakwitsa kanthu kali konse. Motero munthu akhoza kuganiza bwino n'kuluza, ndipo akhoza kuchita zopusa n'kudzaza thumba. Annie Duke, mai amene anasewera poker zaka zambiri, m'buku lake la m'chaka cha 2018 lotchedwa Thinking in Bets, anachenjeza za chizolowezi choweruza maganizo poyang'ana zotsatira zake zokha. Usiku umodzi suli wokwanira kukuuza ngati mutu wako ukuyenda bwino. Woledzera amene wafika kwao osagwera m'dzenje sanatsimikize kuti sanaledzere.

Munthu akagwa motere kawiri katatu usiku umodzi, kanthu kena kamasunthika m'kati mwake. Osewera poker ali ndi liu lao la Chingerezi lotchulira kusunthikako: tilt, ndiye kuti kupendekeka. Liuli linachokera ku makina ena a masewera otchedwa pinball, amene anafala m'masitolo ndi m'malo omwera a ku America m'zaka za m'ma 1930. M'makinamo kampira kachitsulo kamagubuduzika pa thabwa lotsetsereka, ndipo wosewera akaona kuti kakulowera kolakwika ankagwedeza kapena kupendeketsa makinawo kuti kabwerere. Opanga makina anaikamo kachipangizo komva kugwedezako. Ukapyola muyeso, pamayaka liu lija, makina naleka kumvera, kampira nikatayika. Ine ndimati ndikaganizira zimenezi ndimawachitira nsanje makinawo. Munthu akapendekeka palibe nyali imene imayaka pamphumi pake, manja ake amagwirabe ntchito, ndipo pakamwa pake pamatulukabe mau omveka ngati anzeru.

Kulemera kwa chotayika

Chimene chimapendeketsa ambiri ndi ululu wa kuluza. M'chaka cha 1979 akatswiri awiri a maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa kuti kutaya chinthu kumapweteka koposa m'mene kupeza chinthu chomwecho kumakondweretsera. Pa kafukufuku wao wapambuyo pake anapeza kuti ululuwo umalemera pafupifupi kawiri. Anaonetsanso kuti munthu amene wayang'anizana ndi kuluza kotsimikizika amalolera kuchita za ngozi pofuna kukuthawa, ngakhale ngoziyo ikhoza kumluzitsa zochuluka. Kahneman analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2002. M'chaka cha 1990 Richard Thaler ndi Eric Johnson anapeza kuti woluza amakopeka kwambiri ndi kubetcha kuli konse komulonjeza kubwerera pamene anayambira. Ndipo m'chaka cha 2009 Gary Smith ndi anzake awiri, atafufuza kaseweredwe ka akatswiri obetcha ndalama zambiri pa intaneti, anaona kuti akangoluza kwambiri amayamba kusewera mosasamala kuposa kale. Onsewa amadziwa bwino kuti madzi akatayika saoleka, komabe mtima ukapweteka amagwada pansi ndi chikho.

Kuluza si khomo lokhalo lolowera kupendekeka. Jared Tendler, mlangizi wa osewera, m'buku lake la m'chaka cha 2011 lotchedwa The Mental Game of Poker, anawerenga mitundu 7 ya nthendayi. Pali wina amene amapsa mtima poona kuti tsoka likumkondera. Pali wina amene sangathe kudzikhululukira akalakwitsa kamodzi, ndipo kulakwa koyambako kumabala ena. Pali wina amene amadziona woyenera kupambana chifukwa ndi wodziwa kuposa anzake. Palinso wofuna kubwezera munthu mmodzi amene anamnyoza. Ine ndingaonjezepo wachimwemwe. Amene wapambana katatu motsatizana amayamba kukhulupirira kuti makhadi akumdziwa dzina, ndipo ndalama zimene wapata amaziona ngati si zake zenizeni, nazimwaza mosaumira. Palinso amene anafika pa tebulo atapendekeka kale: anasiya mkangano kunyumba, kapena ali ndi ngongole imene ikumsowetsa tulo. Wotereyu amaoneka ngati akusewera ndi anthu amene wakhala nao, pamene kwenikweni akulimbana ndi munthu amene sali pamalopo.

Kutopa kumene sikumveka

Mkwiyo umadziwika ndi kutentha kwake, koma kutopa kumalowa mwakachetechete. M'chaka cha 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anasindikiza m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature zotsatira za kuyesa kwao. Anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amagwira ntchito yofuna maso ndi manja mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi mwake, umene uli malire a woyendetsa galimoto m'maiko ambiri; akakwanitsa maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti. Tawerengani nokha: amene anadzuka 6 koloko m'mawa amafika maola 17 amenewo nthawi ya 11 koloko usiku, ndipo ndi nthawi imene masewera ambiri a makhadi amayamba kukoma. Nyumba zambiri za juga za ku Las Vegas siziika mawotchi pakhoma, ndipo mazenera ake ndi osowa, kuti mlendo asaone kuti kunja kwacha. Akulu akale anachenjeza kuti ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa kungakuchere. Eni nyumbazo anangotseka kum'mawako.

Koma kafukufuku amene anandigwira mtima koposa ndi wa m'chaka cha 2003, wa Hans Van Dongen, David Dinges ndi anzao pa University of Pennsylvania. Anatenga anthu 48 athanzi, ena mwa iwo nawalola kugona maola 8, ena 6, ena 4 okha usiku uli wonse kwa masiku 14. Amene ankagona maola 6 kapena 4, nzeru zao zinkatsika tsiku ndi tsiku, mpaka anafanana ndi munthu amene wachezera usiku wathunthu umodzi kapena uwiri. Koma powafunsa m'mene akumvera, ankayankha kuti ali ndi tulo pang'ono chabe, ndipo yankho lao silinkasintha kwenikweni pamene masiku ankapita. Kugwa kwao kunkapitirira, koma kumva kwao kunaima panjira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chida chimene tikanazindikira nacho kuti maganizo athu aonongeka ndi maganizo omwewo. Sikelo ya pamsika ikapendekeka siingathe kudziyeza yokha. Imangopitiriza kuonetsa manambala molimba mtima monga kale. N'chifukwa chake funso lakuti "kodi ndiri bwino?" ndi lopanda phindu pakati pa usiku, pakuti woyankha wake ndi wodwala yemweyo. Choopsa china n'chakuti mutu wotopa suleka kupereka zifukwa. Esau uja wa m'buku la Genesis, pochokera kuthengo ali lefu ndi njala, asanagulitse ukulu wake kwa mng'ono wake ndi mbale ya mphodza, anayamba wapereka chifukwa chomveka: munthu amene ali pafupi kufa, ukulu umpindulira chiani? Sanali pafupi kufa ayi, anali ndi njala chabe; atadya anadzuka n'kumapita ndi miyendo yake. Wosewera wopendekeka nayenso amakhala ndi zifukwa: anzakewo ndi ofooka, mwai uli pafupi kutembenuka, kuchoka tsopano kungakhale kupusa.

Ine masewerawa ndinawadziwira ku seminale yaikulu. Mphunzitsi wathu wina wachikulire wochokera kunja, amene ankatiphunzitsa filosofi, ankatisonkhanitsa madzulo ena a tsiku lopuma kuti tisewere, ndipo m'malo mwa ndalama ankatigawira nyemba zouma, aliyense dzanja limodzi. Panali mnzathu wina wodekha, wanzeru m'kalasi, amene poyamba ankasewera mosamala kuposa tonsefe. Koma akangoluza kamodzi ali ndi makhadi abwino, tonse tinkaona kusintha: ankakhala kumapeto kwa mpando, ankaponya nyemba m'malo moziika, ndipo ankalowa m'magawidwe onse. Wina akamuuza kuti wapsa mtima, ankayankha mwaulemu ndi moona mtima kuti ali bwinobwino. Sankanama; sankazionadi. Mphunzitsi uja sankatsutsana naye. Ankabwera ndi wotchi yolira, kuitchera tisanagawe makhadi oyamba, ndipo ikalira ankasonkhanitsa nyemba zonse m'chitini, kaya wina ali pamwamba kaya ali pansi. Zinali nyemba chabe, zimene mawa lake zinkapita kukhitchini, koma zinkatha kupendeketsa munthu wophunzira zaumulungu.

Zizindikiro zooneka ndi maso

Popeza kumva kwa m'kati sikungadaliridwe, osewera anzeru amayang'ana zizindikiro zimene zikhoza kuwerengedwa monga m'mene mlendo angaziwerengere. Zoyamba ndi za m'thupi: kutentha kumaso, kupuma mofulumira, nsagwada zolumana, kuyang'ananso makhadi ako kachiwiri chifukwa waiwala chimene unaona, kulephera kuwerengera ndalama zimene ziri pakati pomwe kale unkawerengera mosavuta. Zachiwiri ndi za m'machitidwe. Wosewera amene amadziwa kuti tsiku labwino amasewera magawidwe awiri pa khumi ali onse, akaona kuti wasewera asanu, safunikanso kufunsa mtima wake; nambalayo yayankha kale. Akaona kuti akugamula msangamsanga pofuna kuti zingotha, kapena kuti maso ake akhazikika pa munthu mmodzi amene akufuna kumgwetsa, adziwe kuti wapendekeka.

Zachitatu ndi mau amene munthu amadzilankhula yekha, ndipo mauwo ndi amodzimodzi m'zilankhulo zonse: "Ndingobweza zanga basi, ndizipita." "Kamodzi kokha komaliza." "Lero ndi tsiku langa." Amene wayamba kuwerenga zimene waluza m'malo mowerenga makhadi amene ali m'manja mwake, wasiya kale kusewera ndipo wayamba kuthamangitsa. Chizindikiro chachinai, chimene ine ndimachiona cholemera koposa, ndi chinsinsi. Foni ikalira kuchokera kunyumba, munthu n'kuitembenuza chafufumimba. Akayamba kukonza m'mutu nambala yocheperapo yoti akanene mawa. Akatenga ndalama imene inasungidwira chinthu china, nadziuza kuti wangobwereka. Pamenepo nkhani yachoka pa makhadi ndipo yalowa m'nyumba, momwe muli anthu amene sanavomere kubetchako koma adzalipira nao. Masiku ano, pamene tebulo lonse limakwana m'foni ya m'thumba ndipo silitsekedwa usana ndi usiku, chinsinsi chimenechi chakhala chapafupi kuposa kale.

Wina angaganize kuti nzeru zambiri zimateteza munthu. Moyo wa Stu Ungar umatsutsa zimenezo. Anabadwira ku New York m'chaka cha 1953, ndipo ambiri amamuyesa mmodzi mwa osewera makhadi aluso koposa amene anakhalako. Anapambana mpikisano waukulu uja m'zaka za 1980 ndi 1981. M'chaka cha 1990, mpikisano uli m'kati ndipo iye ali patsogolo, anampeza atakomoka m'chipinda chake cha ku hotela chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Sanabwerere pa tebulo, komabe zimene anali atasonkhanitsa kale zinamfikitsa pa nambala 9. M'chaka cha 1997 anapambananso kachitatu, mphotho yake madola 1 miliyoni, koma gawo lake linatha m'miyezi yochepa pa kubetcha ndi pa mankhwala. Anamwalira pa 22 Novembala 1998, ali ndi zaka 45, m'chipinda chogona alendo chotchipa ku Las Vegas. Nthenda yake inali yozama kuposa kutopa kwa usiku umodzi, ndipo amafunika chisoni chathu osati chiweruzo. Koma munthu amene ankatha kuona makhadi a mnzake ngati kuti ali poyera analephera kuona ola lodzukira pa mpando.

Lamulo loikidwa kukali kowala

Nanga tsono achite chiani munthu amene sikelo yake singadziyeze? Yankho labwino koposa limene ndikudziwa linachokera kwa msilikali wina amene pa unyamata wake, malinga ndi mlembi wake Juan de Polanco, ankakonda juga. Ignatius Woyera wa ku Loyola anavulala pa nkhondo ya ku Pamplona m'chaka cha 1521, ndipo pa nthawi ya kudwala kwake anayamba kuyang'anitsitsa m'mene maganizo osiyanasiyana ankamsiyira mtima wake, ena wouma, ena wamtendere. M'kabuku kake ka Exercitia Spiritualia, kamene kanasindikizidwa ku Roma m'chaka cha 1548, analangiza kuti pa nthawi ya mdima wa mumtima munthu asasinthe chimene anatsimikiza pamene kunali kowala, koma agwiritsitse chomwecho. Iye ankanena za moyo wauzimu, koma nzeru yake ndi yomwe ija ya wotchi yolira ya mphunzitsi wathu. Munthu wa m'mawa, wogona bwino ndi wodya bwino, ndiye ayenera kuika lamulo. Munthu wa pakati pa usiku ntchito yake ndi kumvera.

Osewera amene amakhalitsa m'masewerawa amachita chimodzimodzi. Asanachoke kunyumba amatsimikiza ola loleka ndi ndalama imene ikatha sadzatulutsanso ina, ndipo zotsalazo amazisiya kumene dzanja silingafike usiku umenewo. Akaluza kwambiri kamodzi amadzuka, kutuluka panja, kumwa madzi, kuyendayenda, ngakhale akumva kuti palibe chifukwa. Salowa m'masewera atachezera dzulo lake, atamwa, kapena atachokera pa mkangano. Tommy Angelo, m'buku lake la m'chaka cha 2007 lotchedwa Elements of Poker, anaphunzitsa kuti kuleka ndi luso lofunika kuliphunzira ndi kulizolowera monga maluso ena onse a pa tebulo. Mphamvu ya malamulo amenewa iri pa kusakambirana nao. Lamulo limene umalifunsa usiku ngati likufunikadi lero, lafa kale, pakuti wofunsa ndi woyankha onse ndi munthu wopendekeka uja.

Chithandizo china ndi maso a mnzako. Chimene iwe sungathe kuona, wokhala pambali amachiona msanga. Tonsefe ku seminale kuja tinkaona mnzathu akusintha iye asanadziwe. Akatswiri ambiri ali ndi bwenzi kapena mlangizi amene anampatsa ufulu wowauza kuti basi kwatha. Koma ufulu umenewo umaperekedwa pasadakhale, mtima uli m'malo, ndi pangano lakuti mau ake adzamveredwa popanda kutsutsa. Ukadikira kuti adzakuuze uli kale m'moto, mau ake adzamveka ngati chipongwe, ndipo udzamuyesa mdani. Pamafunika kudzichepetsa kuti munthu wamkulu anene kwa mkazi wake kapena kwa mnzake kuti: ikafika nthawi yakutiyakuti, mau anu adzaposa anga. Koma mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu umene sunagone.

Pali chotsutsa chimodzi choyenera kuchiyankha. Si nthawi zonse munthu angathe kudzuka n'kuchoka. Pa masewera wamba a ndalama khomo ndi lotsegula, koma pa mpikisano monga wa Cynn ndi Miles uja, wochoka pa mpando amaluza pang'onopang'ono zimene wasonkhanitsa, ndipo kupuma kumaperekedwa pa nthawi zoikika zokha. Momwemonso namwino wa usiku sangasiye odwala chifukwa watopa, ndipo mai amene mwana wake watentha thupi usiku wachitatu alibe womlandira. Kwa otere, kuzindikira kutopa kuli ndi phindu lina. Wosewera wodziwa kuti wafooka amachepetsa zochenjera, amabwerera ku njira zosavuta zimene anaziphunzira kale, amawerengera kawiri, ndipo amapuma mozama asanagamule chachikulu. Amene sangathe kuleka ntchito akhoza kusiyanitsa zofunika kugamulidwa tsopano ndi zimene zingadikire, nagamula zoyambazo zokha.

Zimene zingadikire ndi zambiri kuposa m'mene timaganizira. Pa zaka zimene ndakhala ndikumvera nkhani za mabanja, ndaona kuti mau ambiri amene anang'amba nyumba analankhulidwa usiku, anthu atachokera kumunda, kumaliro kapena kuchipatala, m'mimba muli pululu. Bambo wathamangitsa mwana wake wamkazi pakhomo ola lomwe wamva za pathupi pake. Mai walongedza katundu chifukwa cha uthenga umodzi wa pafoni. Abale agawana munda wa malemu mwaukali tsiku lomwelo la kuika maliro, atachezera masiku awiri pa siwa. Onsewa anakankhira zao zonse pakati ali ndi makhadi ofooka, ndipo onsewa pa nthawiyo ankamva kuti akuona bwino kuposa kale lonse. Kumva kumeneko, kwakuti zonse zaonekera mwadzidzidzi ndipo ziyenera kuthetsedwa usiku womwe uno, ndiko koyenera kukayikiridwa koposa.

Choncho, abale anga, banja liri lonse likhoza kutchera wotchi yake kukali kowala. Mukhoza kupangana lero, muli pa mtendere, kuti nkhani ya ndalama, ya chilango cha mwana, ya kugulitsa mbuzi kapena munda, siidzagamulidwa chakudya chisanadyedwe kapena usiku utapita. Kuti wina akanena kuti tikambe mawa, mnzake sadzayesa mauwo kuthawa. Ndi kuti mawa likafika nkhaniyo idzakambidwadi. Nkhani imene iri yoona usiku idzakhala yoonabe dzuwa likatuluka, ndipo amene adzaigamule adzakhala anthu awiri ogona bwino, amene tiyi wao wamwedwa kale.